Jombo ya mwini wachiwiri

Jombo ya mpira imene mnyamata wa ku Kapiri kapena kwa Mkanda, ku Mchinji, amagula pa kaunjika imakhala itathamanga kale ndi phazi la munthu wina. Mwini wake woyamba, kaya anali wa ku Leeds kaya wa ku Antwerp, anaiponda chaka kapena ziwiri. Thukuta lake linalowerera m'chikopa, chala chake chachikulu chinakumba kadzenje m'kati, ndipo kumbuyo kwa jomboyo kunapendekera mbali imene iye ankapondera. Atatopa nayo anaiponya m'bokosi la zovala zopereka, inapanikizidwa m'thumba pamodzi ndi nsapato zina mazanamazana, inawoloka nyanja, ndipo lero ili pa lona woyalidwa pansi mumsika wa Kamwendo, itamangiriridwa zingwe ndi inzake kuti zisasiyane.

Wogula wachiwiriyu ali ndi phazi lina. Anakula akuyenda chosavala kapena ndi patapata, kumunda wa mtedza, kudimba, ndi pabwalo la chikulunga. Phazi lotere limatambasuka kutsogolo, zala zake zimatalikirana, khungu la kuchidendene limakhuthala. Mu 1905 dokotala wa mafupa wa ku St. Louis, Phil Hoffmann, anayeza mapazi a anthu okula osavala nsapato n'kuwayerekeza ndi a anthu ovala nsapato kuyambira ubwana, ndipo anaona kuti nsapato ndiyo imafinya zala n'kupotoza chala chachikulu. Jombo zambiri za Nike, adidas ndi Puma zimaumbidwa pa chikombole cha phazi lofinyidwa kale lija. Choncho pakati pa jombo yozolowera mlendo wa kutsidya la nyanja ndi phazi la mwana wa kwa Mavwere pamafunika mkhalapakati, ndipo mkhalapakatiyo ndi wosoka nsapato.

Timamudutsa tsiku ndi tsiku. Amakhala pa khonde la golosale, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteji ya kabaza, kapena pakhomo lolowera mumsika, pa boma, pa Waliranji, pa Nkhwazi, ngakhale pa chipata cha Mwami pamene madalaivala a mathiraki amadikira mapepala. Katundu wake yense amakwana m'kabokosi ka matabwa: singano ya ngowe imene anasula yekha kuchokera ku sipoko ya njinga, ulusi wa nayiloni, kachidutswa ka phula, kachitini ka guluu, mpeni wonoledwa mpaka kutsala kachilimi, sandipepa, nyundo, pulayazi, ndi chitsulo cha miyendo itatu chovekapo nsapato pokhoma. Pambali pake pamakhala mulu wa nsapato zakufa zimene eni ake sanabwerere kudzatenga. Muluwo ndi sitolo yake ya zipangizo. Ambiri timamuona ngati munthu wotseka mabowo, woyenera ndalama zotsala m'thumba. Koma pakati pa osoka nsapatowa pali ena amene ntchito yawo yeniyeni ndi kukwanitsa jombo pa phazi, ndipo anyamata a mpira amawadziwa bwino, moti amatha kupalasa njinga kudutsa osoka atatu kuti akafike kwa mmodzi yekhayo.

Chizindikiro choyamba cha mmisiri wotere n'chakuti sayamba ndi jombo. Mnyamata akafika n'kunena kuti, "Madala, jomboyi ikundithina," iye amaiika pansi osaiyang'ana n'komwe n'kuyankha kuti, "Vula, mphwanga, tione kaye phazi." Amamuimiritsa pa katoni, chifukwa phazi la munthu wokhala pansi ndi lonama: limatalika ndi kutambasuka pokhapokha thupi lonse likalitsamira. Amazunguliza cholembera, phazi lamanja kenako lamanzere, pakuti mapazi a munthu mmodzi kawirikawiri salingana ndipo jombo iyenera kukomera lalikululo. Amafunsa ngati masokosi amene wavalawo ndi amene amasewerera. Amakonda kuyeza madzulo kusiyana ndi m'mawa, poti phazi loyenda tsiku lonse limatupa pang'ono, monga momwe limatupira m'chigawo chachiwiri cha masewero. Kenako amagwira phazilo ndi manja, kusisita fupa la m'munsi mwa chala chachikulu, la kunja kwa kachala kakang'ono, ndi kankhokwe ka kuseri kwa chidendene. M'phazi muli mafupa 26. Iye sanawawerengepo m'buku, koma amadziwa atatu kapena anayi amene amayambana ndi jombo, ndipo zala zake zimapita pomwepo.

Akatha ndi phazi m'pamene amatola jombo. Amasolola choponda cha m'kati n'kuchiyang'ana padzuwa. Pamenepo pali mbiri yonse ya mwini woyamba: pamene zala zake zinkalekezera, mbali imene ankalemera, ngakhale phazi limene ankamenyera mpira. Amamuimiritsa mnyamatayo pa chopondacho. Zala zikasefukira m'mbali, vuto ndi kupapatiza, ndipo limakonzeka. Zikapyola kutsogolo, nkhani yatha. Amapinda jomboyo kuti aone ngati ikupindika pamene phazi limapindikira, kumunsi kwa zala, osati pakati. Amaipotoza ngati akufinya chovala. Amakanikiza kuseri kwa chidendene ndi chala chachikulu. Amakanda soli ndi chikhadabo, chifukwa pali pulasitiki wina amene akakhalitsa m'nyumba zosungira katundu amafumbutuka ngakhale jomboyo ikuwala ngati yatsopano, ndipo wogula amangozindikira itasweka pakati pa bwalo.

Nambala yolembedwa pa lilime la jombo saikhulupirira, ndipo ali ndi chifukwa. Pakachikwangwani kamodzi pamalembedwa manambala anayi kapena asanu, a UK, a US, a EUR ndi ena. Sayizi ya ku Britain imakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi, pafupifupi mamilimita 8.5, pamene ya ku Ulaya imakwera ndi mamilimita 6.7, choncho masitepe awo sagwirizana. Makampani nawonso amasiyana: UK 8 ya Nike ndi US 9 ndi EUR 42.5, koma UK 8 ya adidas ndi US 8.5 ndi 42. Mnyamata amene amanena molimba mtima kuti amavala 8 sadziwa kuti 8 wakeyo ndi wa dziko liti. Ndipo nambala iliyonse imangonena za kutalika. Sinena kanthu za kutambasuka kwa phazi, kutumphuka kwake pamwamba, kapena kuchepa kwa chidendene, zomwe ndi zimene zimabala matuza. Katoni kaja n'kamene kamanena zoona.

Kuti munthu aone kukula kwa luso limeneli, ndi bwino kuliika pambali pa masewero amene kukwana kwa nsapato kunafika pokhala sayansi. Ku Canada, ku Sweden, ku Finland ndi ku Russia amasewera hockey pa ayezi, atavala nsapato zolimba zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi kwake. Ku Mchinji kulibe bwalo la ayezi, ndipo mu Africa muno masewerowa ndi a malo owerengeka: South Africa inalowa m'bungwe la hockey ya pa ayezi la dziko lonse mu 1937, ndipo ku Nairobi timu ya Ice Lions imasewerera pa kabwalo ka mu hotela ya Panari. Koma mafunso amene wokwanitsa nsapato za ayezi amafunsa ku Toronto ndi omwewo amene madala a pa Kamwendo amafunsa. Munthu wothamanga ataima pa mpeni wochindikala mamilimita atatu sangalole phazi kusewera m'nsapato ngakhale pang'ono. Motero nsapato zawo amagula zocheperapo ndi sayizi imodzi kapena imodzi ndi theka poyerekeza ndi zoyendera. Zala zimayenera kungokhudza kutsogolo munthu ataimirira, n'kubwerera pang'ono akapinda mawondo. Amasiyanitsa za phazi lopapatiza ndi za phazi lotambasuka ndi zilembo monga D ndi EE. Koposa zonse amafuna chidendene chikhale chokhomeka, chosanyamuka. Akapeza yoyandikira kukwana, amaiika mu uvuni wapadera pa madigiri pafupifupi 80 kwa mphindi zingapo, mwini wake amaivala idakali yofunda, amamanga zingwe n'kukhala pansi mpaka izizire itatenga maonekedwe a phazi lake. Wa kumudzi aliyense angamvetse zimenezi, chifukwa ndi momwe timawotchera msuka wa khasu n'kuulowetsa mu mpini kuti udzibowolere wokha malo ake. Pamene fupa likukhulabe, amafinya malowo ndi makina kuti patuluke kathumba.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mbali ina ya sayansi imeneyi inayambira pa benchi la wosoka nsapato. Mu 1905, m'tauni ya Brandon ku Manitoba, wosewera hockey wotchedwa Joe Hall ankadandaula kuti nsapato zake sizikulimba. Mnansi wake, George Tackaberry, anali mmisiri wa nsapato wozolowera kusokera anthu a mapazi ovuta. Anayeza mapazi a Hall, anasankha chikopa cha kangaroo chimene sichitanuka msanga ndi chinyezi, analimbitsa kuchala ndi kuchidendene, n'kufupikitsa khosi la nsapatoyo kuti mwendo uzipindika momasuka. Osewera ena ataona anayamba kumupangitsa zawo. Tackaberry atamwalira mu 1937 kampani ya CCM inatenga ntchito yakeyo, ndipo nsapato zotchedwa Tacks zikugulitsidwabe mpaka lero. Kusiyana kwa Tackaberry ndi mmisiri wathu n'kwakuti woyambayo ankayamba ndi chikopa chatsopano. Wa ku Mchinji amalandira jombo youmbika kale pa phazi la wina, ndipo ayenera kuiiwalitsa phazi lakalelo asanaiphunzitse latsopano. Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yovutirapo.

Amayamba ndi chidendene. Osewera ambiri amaganiza kuti jombo imakwana kapena kukanika kuchala, popeza n'kumene ululu umamvekera. Mmisiri amadziwa kuti ululu wa kuchala nthawi zambiri umabadwira kumbuyo. Chidendene chikamakhwepa, phazi limatsetsereka kupita kutsogolo nthawi iliyonse wosewera akaima mwadzidzidzi, zala zimagunda khoma, chikhadabo chimada n'kuzuka, ndipo kuseri kwa phazi kumatuluka matuza chifukwa cha kukhulana. Jombo zambiri za pa kaunjika zimafika kumbuyo kwake kutathyoka, poti anthu aulesi amazivala osamasula zingwe, akuponda kuseriko. Iye amang'amba nsalu ya m'kati mosamala, amachotsa chothyokacho, n'kudula china kuchokera ku nsapato yakufa ya pa mulu uja, kapena ku pulasitiki wa chigubu akasowa. M'mphepete mwake amasenga ndi mpeni mpaka kupyapyala, kuti pasakhale kamzere kokanda khungu. Kusenga kumeneku n'kumene kumasiyanitsa amisiri. Mpeni umayenda chogona, chala chikutsogolera, ndipo chikopa chimachoka ngati fumbi. Akamata n'kubwezera nsalu, amaika timapilo tiwiri ta siponji m'mbali mwa mtsempha wa kuseri kwa phazi, m'timaenje tiwiri ta pansi pa akakolo, osati pa mtsempha penipenipo. Nthawi zina amabowola bowo lina la chingwe pamwamba, kumbuyo pang'ono kwa lomaliza, n'kumuonetsa mnyamatayo kamangidwe kokokera chidendene pansi. Jombo imene inali yoti aziyenda akuikoka imagwira phazi popanda kufinya zala.

Kutambasula kumafuna kudekha kuposa mphamvu. Ngati jombo ndi ya chikopa, amainyowetsa pang'ono pamalo pothinapo, n'kulowetsa chikombole cha mtengo chimene anasema yekha. Pamene fupa la mwini jombo limatumphuka amamatapo kachidutswa ka labala pa chikombolecho, kuti chikopa chikankhike pamalo okhawo. Amene alibe chikombole amagwiritsa ntchito nyuzipepala zonyowa kapena zitsononkho, kukhomerera pang'onopang'ono. Jombo imagona choncho usiku umodzi kapena uwiri, pamthunzi. Padzuwa kapena pafupi ndi moto chikopa chimauma n'kung'aluka, guluu amasungunuka. Za pulasitiki, zomwe ndi zochuluka masiku ano, sizimva madzi ozizira. Amaziviika m'madzi otentha koma osawira, mnyamata amavala masokosi awiri, amalowetsa phazi, amamanga zingwe n'kukhala pabenchi mpaka zizizire. Uvuni wa ku Toronto uja ndi womwewu, kungoti uwu ndi beseni ndi mbaula. Ndipo mmisiri amanena poyera malire ake: m'lifupi angawonjezere pang'ono, m'litali sangathe, chifukwa soli sitanuka.

Ntchito imene anthu amamudziwa nayo kwambiri ndi yosoka soli, ndipo ndi yoyenera kuionera pafupi. Jombo zambiri za masiku ano sizisokedwa ku fakitale, zimangomatidwa, ndipo guluu wa ku fakitaleyo sanapangidwire dzuwa la Okutobala kapena bwalo la miyala. Pakangopita masewero ochepa jombo imayasama kutsogolo. Wosoka wachangu amathira guluu m'kamwa moyasamamo, amafinya, n'kulandira ndalama. Mmisiri amayamba wayasamitsa kwambiri, mpaka pamene guluu wakale akugwirabe zenizeni. Amachotsa dothi lonse, amapala guluu wakaleyo, amakwecha mbali zonse ziwiri ndi sandipepa. Amapaka guluu mopyapyala uku ndi uku, kenako amaika jomboyo pambali n'kutola nsapato ya munthu wina. Apa m'pamene makasitomala amakwiya, kuganiza kuti aiwalidwa. Koma guluu wa mtunduwu sagwira ali wamadzimadzi. Amayenera kuuma mpaka chala chikamukhudza asamatirire, ndipo mbali ziwirizo zikakumana zimagwirana nthawi yomweyo, osalolanso kusuntha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akalumikiza amaveka jombo pa chitsulo chija n'kukhoma ndi nyundo kuyambira pakati kupita m'mphepete, kuti mpweya utuluke.

Kenako amalemba kanjira ndi nsonga ya mpeni kuzungulira soli, kakuya kokwanira kuti ulusi ugonemo. Ulusi wongoyenda pamwamba umadyeka ndi nthaka m'sabata ziwiri, koma wobisala m'kanjira umatha limodzi ndi jombo. Amapaka ulusi phula kuti usamwe madzi ndiponso kuti ugwire m'bowo. Singano ya ngowe imalowa kuchokera kunja, dzanja lamanzere lili m'kati mwa jombo momwe maso saona, chala chimakoleka ulusi pa ngowe, singano imatuluka itakoka kagoba, ulusi wakunja umapyola m'kagobamo, ndipo manja onse awiri amakoka nthawi imodzi kuti mfundo ibisale pakati pa soli, osati m'kati mwa jombo kapena kunja. Amachita zimenezi kambirimbiri, akucheza za mitengo ya soya, osayang'ana n'komwe. Kuchala, kumene dzanja silifika bwino, amagwira ntchito ndi nsonga za zala ziwiri zokha, ndipo singano imadutsa pafupi ndi khungu lake nthawi iliyonse. Kutalikirana kwa mabowo amakusintha malinga ndi jombo. Pa chikopa amayandikizitsa. Pa pulasitiki amatalikitsa, popeza mabowo oyandikana amasanduka mzere wong'ambikira. Pamene jombo imapindikira samangitsa kwambiri, kuti ulusi usadule nsalu. Ndipo amakumbukira chinthu chimene osoka ambiri saganizira, chakuti msoko uliwonse umakoka chikopa n'kuchepetsa malo a m'kati. Jombo imene inali yokwana bwino ikhoza kutuluka m'manja mwa wosoka wosasamala ili yothina. N'chifukwa chake iye amasoka motsika, pafupi ndi soli, ndipo akamaliza amawotcha nsonga za ulusi, amazikhoma kuti ziphwatalale, n'kuyendetsa chala m'kati monse kufunafuna kalikonse kotumphuka. Kamfundo kochepa ngati njere ya mapira kamakwanira kutulutsa wosewera m'bwalo mphindi 90 zisanathe.

Nkhani ya masitadi, timiyendo ta pansi pa jombo, ndi imene mmisiri amakhala ngati mphunzitsi wa timu. Jombo za pa kaunjika zimabwera zosakanikirana. Zina n'za mabwalo a matope a ku Ulaya, zokhala ndi masitadi achitsulo asanu ndi limodzi, aatali. Zina n'za kapinga wouma, zina n'za kapinga wa pulasitiki, zokhala ndi timasitadi tambirimbiri tating'ono ta labala. Anyamata amathamangira zachitsulo chifukwa zimalira bwino pa simenti ndipo n'zimene amaona pa kanema. Zili ndi mbiri yake: pa 4 Julaye 1954 ku Bern kunagwa mvula, Adi Dassler wa kampani ya adidas anamangirira masitadi aatali ku jombo za West Germany, ndipo timuyo inagonjetsa Hungary 3-2 mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse. Koma phunziro la tsikulo ndi lakuti jombo igwirizane ndi nthaka. Bwalo la pa sukulu ya pulayimale ku Mikundi m'mwezi wa Seputembala ndi louma gwa. Sitadi yachitsulo siloweramo, choncho thupi lonse limaima pa nsonga zisanu ndi imodzi, ululu umabaya kunsi kwa phazi, ndipo bondo ndi kakolo zimapotokola mosavuta. Mmisiri amalangiza za timasitadi tambiri kwa miyezi yonse ya chilimwe. Mnyamata akakhala kuti wagula kale zolakwika, iye amafupikitsa masitadi ndi tupa kuti alingane, n'kudula choponda chatsopano kuchokera ku patapata wakale, kumusenga mpaka apyapyale kuti asadye malo a phazi. Masitadi odyeka mbali imodzi, amene mwini woyamba anasiya, amawalinganizanso, apo ayi mnyamatayo adzayamba kuponda mopendekera ngati munthu amene sanamuonepo.

Ndimalemekeza kwambiri mmisiri amene amadziwa kukana. Kholo limabwera ndi mwana wa zaka 12 ndi jombo ya munthu wamkulu, likunena kuti akulira momwemo. Maganizo a khololi ndi omveka, ndalama sizitoledwa pansi. Koma mmisiri amayankha mwaulemu kuti, "Mayi, ya kusukulu ikhoza kukula, ya mpira ayi." Malo otsala kutsogolo kwa chala asapose kukula kwa chikhadabo cha chala chachikulu cha kudzanja. Akaposa, mwana amapunthwa, amamenya nthaka m'malo mwa mpira, ndipo amaphunzira kukunga zala kuti jombo isavuke, chizolowezi chimene chimamutsata mpaka kukula. Kutsendera nsanza kutsogolo sikuthandiza, chifukwa jombo imapindikabe pamalo olakwika. Iye amalangiza kuti akasinthe kwa wogulitsa, kapena aisunge mpaka chaka chamawa. Ndalama ya tsikulo amaitaya, koma banja limenelo silidzapitanso kwa wina.

Atsikana ndiwo amavutika koposa. Chitengereni Scorchers, timu ya akazi ya dziko lino, chikho cha COSAFA mu 2023, ndiponso chimvekereni mbiri ya Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene anachokera ku Rumphi n'kukafika ku France ndi ku America, atsikana ambiri akusewera mpira wamiyendo m'masukulu. Jombo zimene amapeza n'za amuna pafupifupi zonse, nthawi zambiri zosiyidwa ndi alongo awo. Chidendene cha mtsikana chimakhala chocheperapo poyerekeza ndi kutsogolo kwa phazi lake, choncho jombo yokwana kuzala imakhwepa kumbuyo. Ntchito ya timapilo ndi bowo lowonjezera ija imafunika kwambiri pamenepa.

Si onse okhala ndi singano amene ali amisiri. Alipo amene amasoka jombo ngati thumba la chimanga, ulusi uli pamtunda, mfundo zili m'kati. Alipo amene amathira supagulu, amene amauma ngati galasi n'kuswa nsalu pamene jombo ikupindika. Alipo amene amakhoma timisomali m'soli ya jombo ya mpira, chinthu choopsa kwa mwini wake ndi kwa amene akulimbana naye. Wabwino mumamudziwa ndi zinthu zitatu zosavuta: amafuna kuona phazi, amakuuzani kuti mubwere mawa, ndipo pobweza jombo amakuvekani pomwepo n'kukuuzani kuti muthamange pang'ono, muime mwadzidzidzi, mutembenuke. Amayang'ana chidendene, osati nkhope yanu.

Luso limeneli likufunika kwambiri tsopano kuposa kale. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nacho, kaunjika yemwe. Jombo yatsopano yeniyeni ndi loto kwa wosewera wa m'mudzi. Zatsopano zotchipa zimene zadzaza m'misika zimanyezimira koma zimayasama msanga. Anthu a ku Mchinji ali ndi mwayi woti msika wawo ndi wa mbali ziwiri. Boma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe koma 12 okha kuchokera pa malire, kumene chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami chinatsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo kutsidya kwake kuli Chipata ndi kaunjika wake wotchedwa salaula. Jombo zimalowa kuchokera uku ndi uko. Koma kaya yachokera ku Lilongwe kaya ku Chipata, guluu ndi ulusi nazonso n'zochokera kunja ndipo zakwera mtengo, pamene ife tikufunabe kulipira wosoka ndalama ya zaka zisanu zapitazo. Ambiri mwa amisiri odziwa kukwanitsa jombo ndi achikulire, ndipo anyamata amene akanaphunzira kwa iwo akuona kuti kabaza amabweretsa ndalama msanga.

Malamulo a mpira, pa Lamulo 4, amati wosewera aliyense avale nsapato, ndipo matimu a m'midzi akafika m'mipikisano yolongosoka amakakamizika kuzipeza. Apa m'pamene andale ndi amalonda okhazikitsa mabonanza amalowera, atanyamula thumba la jombo zogula mwachisawawa, zonse za sayizi ziwiri kapena zitatu, n'kujambulitsa pozipereka. Sabata yotsatira theka la timu likutsimphina, ndipo ena avula jombozo pa hafu n'kumaliza masewero ndi masokosi.

Inu a mabonanza, inu aphunzitsi a zamasewero m'masukulu ndi inu oyendetsa matimu: musanagule jombo, itanani wosoka nsapato wa pa msika wanu ajambule phazi la wosewera aliyense pa katoni, ndipo mupite naye kokagulako. Pa ndalama ya jombo khumi patulani ya jombo imodzi ikhale yake, yokonzera zotsalazo. Ndipo a TEVETA, amene chiyambire 1999 ali ndi udindo wokweza maluso a manja m'dziko muno, apeze amisiri amenewa pa Kamwendo, pa Kapiri ndi kwa Mkanda, awalipire kuti aliyense aphunzitse achinyamata awiri, mmodzi mwa iwo akhale mtsikana.